Magomero: mapu a malo atsogole, njerwa zitsatire

Pa Namadzi, kumalire a Chiradzulu ndi Zomba, tsiku la msika galimoto siziyenda momasuka pamsewu wa M3. Amayi ayala tomato, kabichi ndi mbatata m'mphepete mwenimweni mwa phula, minibasi zikuima paliponse pomwe wokwera wakweza dzanja, anyamata a kabaza akudikira makasitomala pakati pa zonsezi, ana asukulu nawo akuwoloka mothamanga. Kuseri kwa mzere wa magolosale kukumera nyumba zatsopano pamalo omwe dzana anali minda ya chimanga. Mwini munda anadula mapuloti n'kugulitsa, ogula anamanga mipanda mpaka pamalire penipeni, ndipo palibe anasiya njira yoti ambulansi idzadutse kapena ngalande yoti madzi a mvula adzatsate. Palibe analakwa dala. Wogulitsa ankafuna fizi ya mwana, wogula ankafuna pogona, mfumu inachitira umboni monga mwa mwambo. Chinasowa ndi bungwe loyang'ana dera lonselo nthawi imodzi n'kunena kuti apa pakhale msika, apa padutse msewu, apa pasamangidwe kanthu. Makilomita ochepa kuchokera pamenepa ndi ku Magomero, dera lomwe mbiri yake yonse yazungulira pa nkhani ya malo, ndipo zomwe zikuchitika pa Namadzi zikulowerera m'midzi yake pang'onopang'ono.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 356,875 m'boma la Chiradzulu, boma lomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 760 okha. Ndiye kuti pa sikweya kilomita imodzi pali anthu pafupifupi 470, pomwe dziko lonse likawerengeredwa pamodzi ndi anthu 186. Mu 2008 anthu a m'bomali anali pafupifupi 290,000, choncho m'zaka khumi anawonjezeka ndi oposa 60,000, koma nthaka sinawonjezeke ndi phazi limodzi lomwe. Kumalo kotere kulibe tchire la mwini wake wosadziwika. Mdadada uliwonse wa sukulu, mjigo uliwonse, msika, chipatala, ngakhale manda, zimakhala pamunda pa munthu wina, ndipo chinthu chikamangidwa pamalo olakwika palibe malo ena apafupi okonzerapo cholakwacho. N'chifukwa chake ndikunena kuti khonsolo ya Chiradzulu, isanagule thumba lina la simenti, iyenera kukhala ndi mapu a kagwiritsidwe ntchito ka malo opangidwa pamodzi ndi eni midzi, ndipo ndalama zonse zomangira zinthu, kaya zachokera thumba liti, zimangidwe ku mapu amenewo. Pakali pano zinthu zili chafufumimba. Ndalama zimabwera kaye, ntchito imasankhidwa, kenako n'kumafunsa amfumu kuti kodi pali pena poika.

Wina aliyense wolankhula za mapu ku Magomero ayenera kuyamba wadziwa chifukwa chake mawu amenewa samveka bwino m'makutu mwa anthu akumeneko. Mu Julayi 1861, Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anafika ndi David Livingstone n'kukhazika mishoni m'mphepete mwa mtsinje wa Namadzi, m'dera la mfumu Chigunda, pamodzi ndi anthu omwe anawalanditsa kwa ogulitsa akapolo. Nkhondo, njala ndi matenda zinaithamangitsa mishoniyo chaka chisanathe, Mackenzie atamwalira mu Januwale 1862. Patapita zaka makumi atatu, mu 1893, Alexander Low Bruce, mkamwini wa Livingstone, anapeza malo oposa maekala 160,000 ku Magomero, nthawi yomwe Harry Johnston ankapereka kwa azungu zikalata zotsimikiza umwini wa malo. Aka kanali koyamba kuti dera lonseli lijambulidwe papepala ngati chinthu chimodzi, ndipo linajambulidwira phindu la banja limodzi. Eni esiteti ankadziwa bwino pomwe padzalidwe thonje, pomwe padzalidwe fodya, ndi pomwe pakhale midzi ya Alomwe ochokera ku Mozambique, omwe ankalipira malo okhalapo ndi thukuta lawo kudzera mu thangata. Mwezi wa lendi ndi mwezi wa msonkho zinkatalikitsidwa mmene kapitawo wafunira. Matchalitchi omwe anthu a John Chilembwe wa ku Mbombwe ankamanga pa esitetiyo ankatenthedwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, woyang'anira esiteti William Jervis Livingstone anaphedwa m'nyumba mwake ku Magomero, ndipo nkhondo ya Chilembwe inayambira pamenepo.

Komiti ya Sir Sidney Abrahams itafufuza za malo mu 1946 inalangiza boma lachitsamunda kugula malo a maesiteti omwe sankagwiritsidwa ntchito, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 gawo lalikulu la Magomero linagulidwa n'kubwerera m'manja mwa anthu. Koma zaka zomwezo ndi zomwe kunali malimidwe, malamulo okakamiza anthu kupanga mizere ndi migula mmene alangizi afunira, wokana n'kulipitsidwa kapena kumangidwa. Landeg White, m'buku lake la 1987 lofotokoza mbiri ya Magomero, anatsata mibadwo ya anthu amenewa kuchokera nthawi ya Mackenzie. Munthu wa ku Magomero akaona wina wanyamula chingwe choyezera malo n'kuyamba kukayika, si umbuli ayi. Kawiri konse makolo ake anaona ndondomeko ya malo ikubwera kuchokera kumwamba, koyamba kudzawalanda nthaka, kachiwiri kudzawalamula kalimidwe. Phunziro lomwe ndikutengapo si lakuti malo asiyidwe opanda ndondomeko. Ndi lakuti wogwira pensulo pojambula mapu ndiye amapindula nawo, choncho pensuloyo iyenera kukhala m'manja mwa anthu a m'midzimo.

Malamulo oti zimenezi zitheke alipo kale. Mu 1998 dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, zomwe zinapatsa makhonsolo udindo wokonza chitukuko cha m'maboma awo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, omwe anakonzedwanso mu 2022. Limodzi mwa iwo linanena kuti dziko lonse la Malawi, osati mizinda yokha monga kale, ndi dera lofunika ndondomeko ya kamangidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka malo. Lina linakhazikitsa makomiti a malo pansi pa gulupu aliyense, wapampando n'kukhala gulupuyo, mamembala 6 osankhidwa ndi anthu, ndipo osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Ntchito yoyeserera inachitika m'madera ena a ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Vuto lili poti njira yomwe chitukuko chimasankhidwira sinalumikizidwe ndi malamulo amenewa. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi, yomwe aliyense amaitchula kuti VDC, imakhala pansi n'kulemba zosowa zake. Zosowazo zimapita ku komiti ya chitukuko ya dera lonse, ADC, kwa mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo, komwe zimalowa m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse. Funso lomwe limafunsidwa ulendo wonsewu ndi lakuti mukufuna chiyani. Anthu amayankha moona mtima kuti mjigo, mlatho, nyumba ya mphunzitsi, sikelo ya ana. Funso lakuti chinthucho chikhale pati, madzi a mvula akachoka padenga pake alowera kuti, nanga zaka khumi zikubwerazi sukuluyo idzakulira mbali iti, silikhala pa fomu. Ndondomeko ya boma imatuluka ili mndandanda wautali wa zofuna, wopanda chithunzi cha nthaka yomwe zofunazo zidzakhalepo.

Ndalama nazo zimabwera m'mitsinje yosiyana yomwe sikumana. Pali thumba la chitukuko cha m'boma lomwe limadzera ku khonsolo, panabweranso ndalama za pulojekiti ya GESD yomwe Banki ya Dziko Lonse inavomereza mu 2020 ndi madola 100 miliyoni a ku America kuti izipereka ndalama potengera mmene khonsolo yakhozera pa kauniuni wa chaka ndi chaka, pali ndalama za maunduna ndi za mabungwe omwe si aboma, komanso pali CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu lomwe linayamba mu 2006. Ndondomeko ya 1998 inalonjeza kuti boma lizipereka kumakhonsolo ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zomwe latolera kuti zigwire ntchito ya chitukuko, koma lonjezoli lakhala likuperewera, pomwe CDF yakhala ikukwera, kufika K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024. Thumba lomwe lakula msanga ndi lomwe limamvera kwambiri kalendala ya chisankho. Phungu amene akufuna kudzavoteredwanso amaona kuti n'kwanzeru kugawa ndalamazo tizidutswa kuti gulupu aliyense aonepo kanthu, ndipo sindikumuweruza, chifukwa ovota enieniwo ndi amene amamufunsa kuti kwathu kuno mwatichitira chiyani. Zotsatira zake zimaoneka m'maboma ambiri a dziko lino: mdadada womwe khoma lake linafika pamawindo n'kuima, udzu utamera m'kati, njerwa zomwe anthu anaumba ndi kuwotcha okha zikusungunuka ndi mvula ya chaka chachitatu, mafelemu a zitseko atazulidwa usiku, ana akuphunzirabe pansi pa mtengo wa mango womwewo moyang'anizana ndi chigobacho. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo womalizira ntchito zoterezi unakwera kwambiri.

Mu Meyi 2025 khoti lalikulu, litakhala ngati khoti la malamulo oyendetsera dziko, linagamula pa mlandu womwe bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma kuti aphungu sayenera kuyendetsa CDF kapena kuponya voti m'misonkhano ya khonsolo. Chaka chomwecho, pa kampeni ya chisankho cha pa 16 Sepitembala, kunamveka lonjezo lokweza thumbali kufika K5 biliyoni pa dera lililonse. Mkangano waukulu wakhala wakuti ndani agwire thumbalo, phungu kapena khonsolo. Mkanganowu ndi wofunika, koma ukubisa funso lina. Kaya asayina cheke ndi ndani, ngati palibe mapu onena pomwe zinthu ziyenera kukhala, ndalama zochuluka zidzangokulitsa zolakwa zomwe ndalama zochepa zinkachita. Mjigo wokumbidwa pafupi ndi zimbudzi ungasiyidwe n'kukumba wina. Msika wa mabiliyoni womangidwa pomwe ogula sadutsa, kapena sukulu ya sekondale yomangidwa m'njira ya madzi, zidzakhala pomwepo zaka makumi asanu.

Chiradzulu inaona kale mtengo wa kusafunsa nthaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, ndipo matope ndi miyala zochokera m'phiri zinakokolola mudzi wa Ntauchira kwa mfumu yaikulu Likoswe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 650,000 anasowa pokhala, ndipo kafukufuku wa boma ndi mabungwe othandiza anapeza kuti zowonongeka zinaposa madola 500 miliyoni, pomwe kukonzanso kunkafuna pafupifupi madola 680 miliyoni. Freddy anabwera namondwe wa Ana atangodutsa mu Januwale 2022, wa Idai atadutsa mu Malichi 2019. Palibe mapu omwe akanaletsa mvula imeneyo. Koma mapu akanatha kunena kale kuti nyumba izi zili kukamwa kwa chigwa, kuti mlatho uwu ndi waufupi poyerekeza ndi madzi omwe mtsinjewu umanyamula phiri likakhala lopanda mitengo, kuti sukulu iyi ndi yomwe anthu angathawireko choncho ikhale ndi zimbudzi zokwanira ndi madzi. Chodetsa nkhawa n'chakuti ngozi ikadutsa, changu chomanganso chimatibwezera pamalo omwewo ndi miyeso yomweyo, chifukwa ndi pomwe pali malo odziwika mwini wake ndipo palibe nthawi yokambirana pena.

Mapu omwe ndikunenawa si buku lachingerezi lolembedwa ndi akatswiri obwerekedwa n'kukasungidwa mu ofesi ya bwanamkubwa. Ndi chithunzi chachikulu cha dera la gulupu mmodzi, chojambulidwa kuchokera m'mwamba, choyalidwa pamphasa pabwalo la amfumu, anthu atachizungulira. Agogo aloza pomwe madzi anafika chaka cha chigumula chachikulu. Amayi aloza chitsime chomwe sichiphwa mu Okutobala ndi njira yomwe amadutsa popita kuchigayo. Anyamata owumba njerwa avomera kuti maenje awo akudya gombe la mtsinje, ndipo akambirana kwina kotapa dothi. Adzukulu anena kuti manda atsala pang'ono kudzaza. Mlangizi wa zaulimi, wa zaumoyo ndi mphunzitsi wamkulu awonjezera zawo, ndipo katswiri wa khonsolo alemba zonsezi moyenera malamulo. Kope imodzi itsala kwa amfumu, ina ikhomedwa pasukulu, ina ipita ku boma. Ku Magomero kuli mwayi womwe madera ena alibe, chifukwa komweko kuli koleji ya boma yophunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi ndi osamalira anthu. Ntchito yotsogolera zokambirana zoterezi ndi yomwe ophunzira akumeneko amaphunzira, ndipo midzi yozungulira kolejiyo ikanakhala poyambira pabwino.

Mapu akakhalapo, ndalama zimadziwa poyambira, ndipo poyambirapo si pokongola. Choyamba kugula ndi malo enieniwo, malo a msika wamawa, a depoti ya minibasi, a sukulu yomwe idzafunike ana obadwa chaka chino akadzafika sitandade 1, a misewu ya m'kati mwa malo ochitira malonda. Lero malowo ndi munda ndipo mwini wake angalipidwe chipukuta misozi choyenera. Zaka zisanu zikubwerazi padzakhala nyumba za malata, ndipo khonsolo idzafunika kugwetsa ndi kulipira kakhumi. Pambuyo pake pabwere zoyendetsa madzi ndi zoyendetsa anthu, ngalande, makalavati, milatho ing'onoing'ono ndi misewu ya dothi yolumikiza midzi ndi M3, chifukwa mlimi wa nandolo kapena wa tomato amene galimoto singafike kumunda kwake mu Febuluwale amagulitsa pamtengo womwe venda wanena. Kenako kumaliza zigoba zonse zomwe zili pamalo oyenera, ndi kulimba mtima kusiya zomwe zili pamalo olakwika. Zomanga zatsopano zibwere pomaliza. Ndikudziwa kuti palibe wandale amene amasangalala kudula riboni pa kalavati, koma kalavatiyo ndi imene imasunga msewu wopita kuchipatala chomwe anadulapo riboni chaka chatha.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka, ndipo yoyamba ndi yowawa. Ana akuphunzira panja lero, mayi woyembekezera akuyenda mtunda wautali lero, ndiye tiwauze kuti adikire mapu? Yankho langa ndi lakuti ntchito yojambula dera la gulupu mmodzi imatenga masabata, osati zaka, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mdadada umodzi. Palibe chifukwa choimitsira ntchito zonse kufikira boma lonse litajambulidwa. Kukhoma denga pa kalasi yomwe ilipo kale kapena kukonza mjigo wowonongeka sikufuna mapu. Chofuna mapu ndi chinthu chatsopano chotenga malo atsopano. Komanso tiyeni tinene chilungamo: mwana amene ali pansi pa mtengo moyang'anizana ndi chigoba chosatha sanachedwetsedwe ndi ndondomeko, wachedwetsedwa ndi changu chopanda ndondomeko.

Mfundo yachiwiri ndi yomwe ndimailemekeza kwambiri, chifukwa imachokera m'mbiri yomwe tafotokoza ija. Ku Chiradzulu, monga m'madera ambiri a kum'mwera, malo amayenda kuchimayi. Mwamuna amakakhala chikamwini, munda ndi wa mkazi ndi mbumba yake, ndipo malume ndi amene amayang'anira. Pauline Peters, amene wafufuza kwa zaka zambiri m'midzi ya ku Zomba yoyandikana ndi derali, anachenjeza kuti kulembetsa malo mosasamala kungathe kulanda amayi ufulu womwe mwambo unawapatsa kale. Mafumu ena nawo anadandaula ndi malamulo a 2016 poopa kuti mphamvu zawo pa malo zichepa. Palinso mantha akuti mapu akangosonyeza pomwe msewu udzadutse, anthu andalama a ku Blantyre adzathamangira kugula malowo motchipa eni ake asanadziwe. Mantha onsewa ndi enieni. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Kulemba kuti munda uwu ndi wa uje ndi ntchito ina, yofuna kudekha kwambiri. Kugwirizana kuti dambo ili lisamangidwepo nyumba, kapena kuti njira iyi isatsekedwe ndi mpanda, sikusintha mwini wa malo aliwonse. Ndipo olemera akugula kale malo m'mphepete mwa M3 popanda mapu. Chinsinsi ndi chomwe chimawathandiza. Ngati ndondomeko yakambidwa pabwalo n'kukhomedwa pasukulu, mayi mwini munda amadziwa tsiku lomwelo kuti malo ake akwera mtengo, mofanana ndi wogula. Chofunika kuumirira ndi chakuti amayi atatu a m'komiti aja asakhale ongodzaza mpando, ndiponso kuti chipukuta misozi chiziperekedwa khasu la kontrakitala lisanagwe pansi, kwa mwini weniweni mwa mwambo, osati kwa amene wafika msanga ku ofesi.

Ena amati makhonsolo athu sangakwanitse, alibe akatswiri ndipo ndalama zimasowa m'manja mwawo. Malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma akhala akuonetsa zosokonekera m'makhonsolo komanso mu CDF, choncho sindingatsutse. Koma tikumbukire kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo bungwe lomwe lamanidwa eni ake zaka 9 silingadzuke lili ndi mphamvu. Kufooka kwa khonsolo ndi chifukwa choilimbikitsira, poyamba ndi kulemba ntchito anthu odziwa kuyeza ndi kukonza malo ndi kuwapatsa njinga zamoto ndi mafuta. Komanso mapu ali pakhoma ndi mdani wa katangale. Mndandanda wa ntchito wosungidwa m'kabati ungasinthidwe mwakachetechete, mjigo wa mudzi wina n'kukapezeka pakhomo pa munthu wodziwika. Kadontho kojambulidwa pomwe mudzi wonse unaloza n'kovuta kukasuntha popanda wina kufunsa. Kauniuni wa chaka ndi chaka womwe GESD inagwiritsa ntchito wasonyeza kuti makhonsolo amasintha khalidwe ngati ndalama zadalira zomwe achita. Funso lakuti ndi ntchito zingati zomwe zamangidwa pomwe mapu ananena lingawonjezedwe pa kauniuni woteroyo.

Chovuta koposa ndi ichi: tikanena kuti phiri ili kapena gombe ili n'loopsa, anthu okhala pamenepo apite kuti, m'boma lomwe mulibe malo opanda mwini? Kuyambira 2004 mpaka 2011 pulojekiti ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi. Ambiri anapeza minda ikuluikulu ndipo anakolola zochuluka kuposa kwawo, koma madandaulo a kutalika kwa madzi, sukulu ndi chipatala anamveka m'malo angapo. Kusamutsa anthu kutali ndi njira yodula ndiponso yosweka mtima, ndipo singakhale yankho la anthu 356,875. Yankho lapafupi lili m'malo ochitira malonda monga Namadzi, Mbulumbuzi, Njuli ndi Thumbwe. Masomphenya a Malawi 2063 akutchula kukula kwa matauni ngati umodzi mwa mizati yake itatu, ndipo boma linasankha malo monga Liwonde, Luchenza ndi Bangula kuti adzakhale mizinda yachiwiri. Palibe dera la Chiradzulu pamndandandawo, koma boma lokhala pakati pa Blantyre ndi Zomba silifuna chilolezo kuti matauni ake akule, akukula kale. Ngati khonsolo itagula malo m'matauni ang'onoang'onowa, kudula mapuloti aang'ono okhala ndi misewu, madzi ndi ngalande, banja lochoka m'mphepete mwa phiri lingapeze pomanga nyumba pamtunda woti lizipitabe kukalima munda wake wakale. Achinyamata omwe sadzalandira munda chifukwa watha kugawidwa angapeze pochitira ukalipentala, utelala kapena kuwotcherera zitsulo. Nyumba zikasonkhana pamodzi, paipi imodzi ya madzi ndi waya mmodzi wa magetsi zimafikira mabanja ambiri, ndipo minda yabwino ya m'midzi imapulumuka ku nyumba zomwazika.

Aphungu sakutaya kanthu m'ndondomeko yotere. Phungu amadziwa dera lake ndipo mawu ake pabwalo ndi olemera, koma azilankhula nthawi yojambula, pamaso pa anthu, osati nthawi yosayina kontrakiti. Ndipo Chiradzulu sikufunika kudikira Lilongwe. Msonkhano wa khonsolo yonse, momwe mumakhala makhansala ndi mafumu monga a Chitera, a Mpama, a Kadewere, a Nkalo ndi a Likoswe, ungathe kugwirizana kuti gawo laling'ono la ndalama zachitukuko lipite ku ntchito yojambula, kuyambira midzi ya m'munsi mwa mapiri ndi ya m'mphepete mwa M3, ndiponso kuti m'dera lililonse lomwe mapu atha, kontrakiti ya chomanga chatsopano isaperekedwe ngati chinthucho mulibe m'mapumo. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti ya khonsolo imakonzedwa miyezi ingapo tsikuli lisanafike. Anthu a m'midzi amakhala ndi mpata wokhala pabwalo akatha kukolola, kuyambira Juni mpaka Okutobala, asanayambe kusosa ndi kudikira mvula. Mapu ojambulidwa m'miyezi imeneyo angafike pa tebulo la khonsolo nthawi ya bajeti isanakwane.